Ng'ala imene tinkadikira kuti ikhwime

Ababa ntchito yawo inali yoyang'ana kumwamba. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi momwe zinalili. Ankagwira ku ofesi ya zanyengo pa bwalo la ndege ku Chileka, ndipo pakapita kanthawi ankatuluka panja, n'kuima pa kapinga, n'kuyang'ana mitambo ndi mapiri. Phiri la Michiru likaoneka bwino ankalemba kuti kunja kukuoneka patali. Likabisika m'chifunga kapena mu utsi wa lupsa ankalembanso, ndipo oyendetsa ndege ankadalira zimene alembazo. Boma linkawalipira chifukwa cha maso. Koma maso akewo anali ofooka chibadwire. Ankavala magalasi ochindikala moti kuseri kwake maso ankaoneka ngati tinyemba tiwiri, ndipo akawavula kuti asambe sankatha kusiyanitsa amama ndi mtengo wa papaya. Amama ndiwo ankanena zimenezo, osati ine.

Chandikumbutsa zonsezi ndi kamtsikana kena, dokotala, kamene kanandiyeza maso posachedwapa. Kanandiyikitsa chibwano pa makina, n'kujambula kumbuyo kwa diso langa popanda kundikhudza, n'kundiuza kuti akufufuza za matenda a kansalu kopyapyala kamene kali kumbuyo kwa diso, kamene kamalandira kuwala. Kanafunsa ngati kwathu kunali munthu amene anadwalapo. Ndinati analipo. Kanachonga pa pepala n'kupitirira, ine osawonjezera.

Zinayamba m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale cha kwa Kuntaja, ndili mbeta, ndikukhala ndi makolo. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, ababa anaima pa msewu n'kunena kuti akuona mphezi ikung'anima pakona pa diso lakumanja. Kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Amama anati munthu wa zanyengo akayamba kuona mphezi dzuwa likuswa mtengo ndiye kuti ndege zili m'madzi. Tinaseka tonse, ababa omwe. Patapita masiku anati akuona timwaye tikuyandama, ndipo ankangopukuta magalasi ndi tayi. Kenako m'mawa wina anati pakona pomwe paja pabwera mthunzi, ngati munthu wayanika nsalu yakuda.

Diso silinkapweteka. Silinafiire, silinkatuluka manthongo, silinkayabwa. Ukaliyang'ana linali diso labwinobwino. Likanapweteka bwenzi titathamanga, chifukwa kwathu sitinali anthu oopa chipatala. Amama anali a mvano, ababa mkulu wa mpingo, tonse tinabayitsa katemera wathu m'nthawi yake. Koma chinthu chosapweteka munthu amachipatsa mpando.

Panalinso nkhani ya kuntchito. Ababa sanafune kuti dokotala wa kumeneko amve, chifukwa munthu wolipidwa chifukwa cha maso akadandaula za maso amakhala wadzilembera yekha kalata yopumira. Ndiponso masiku amenewo pa bwalo paja pankatera wamkulu wa dziko, amayi a chipani atadzaza mpanda wonse ndi nyimbo. Zikanamveka kuti amene amalemba za nyengo ya ndege imeneyo akuona nsalu yakuda, sizikanathera pa kupuma ntchito pokha. Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo. Choncho ababa anati tipite ku Lirangwe, tikafunse achemwali awo.

Azakhali amenewa ndiwo anali katswiri wa maso pa mtundu wathu. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Lirangwe, ndipo anadwalapo ng'ala maso onse awiri. Nkhani yawo aliyense wogula tomato anaimva, wofuna ndi wosafuna. Ankati atangoyamba kuona chifunga anathamangira kuchipatala chachikulu m'tauni, madokotala n'kuwabweza: ng'ala ikadali yanthete, pitani mukadikire ikhwime. Anapitanso, n'kubwezedwanso. Anadikira mpaka mwana wa diso atayera ngati mkaka, akuyenda chogwira khoma, ndipo pamenepo ndi pomwe anawachita opareshoni. Atamasula bandeji chinthu choyamba kuona chinali wotchi ya namwino, ndipo anamuuza nthawi. Kuyambira pamenepo ankavala magalasi amene ankawakulitsa maso ngati a ng'ombe. Akakhala pamodzi ndi ababa, wina maso aakulu wina tinyemba, sukanati ndi a mimba imodzi.

Ndikufuna zimveke kuti azakhali sankanama. Ng'ala masiku amenewo ankaidikiradi kuti ikhwime, ndipo amene anawauza zimenezo anali madokotala enieni.

Anawakhazika ababa pa dengu lovundikira kuseri kwa benchi lawo, n'kuwatembenuzira kudzuwa, n'kukoka chikope ndi chala chonunkha anyezi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi yomweyo, achimwene, koma ndi yanthete," anatero. "Mukapita panopa akakubwezani, mungotaya ulemu ndi ntchito yomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ababa anapuma mozama ngati munthu amene wamutula katundu. Matenda anali ndi dzina tsopano, ndipo mankhwala ake anali kudikira, chinthu chimene ankachidziwa bwino. Azakhali anati wina aziyang'ana m'disomo sabata iliyonse, pa dzuwa, ndipo mwana wa diso akangoyera tiwauze. Ntchitoyo inagwera ine, popeza ndine ndinali ndi maso abwino m'nyumbamo.

Unakhala mwambo wathu. Lamulungu lililonse tikabwera ku mapemphero, tisanadye, ababa ankatulutsa mpando pakhonde, n'kukhala moyang'ana dzuwa, jekete ali chivalire. Ankavula magalasi n'kuwaika pa bondo.

"Aphunzitsi, tachongani."

Ndinkawerama n'kuyang'ana. Mwana wa diso anali wakuda bii, wonyezimira bwino, moti ndinkadziona ndekha m'menemo ndi duku langa. Ndinkati sinakhwime. Iwo ankavala magalasi, n'kulowetsa mpando, n'kupita kukasamba m'manja.

Nsalu ija inkangokulirakulira. Ababa ankatiuza za iyo monga momwe ankalembera za nyengo, mopanda mantha. Ankatseka diso lakumanzere ndi chikhatho, n'kuyang'ana ku Michiru, n'kuti lero phiri latsala theka. Kenako anati latsala nsonga yokha. Pofika Khirisimasi phiri linali litapita lonse, akungosiyanitsa usana ndi mdima. Titatumiza uthenga ku Lirangwe, azakhali anayankha kuti zikuyenda bwino, nawonso zinatero. Ndipo ife tinakondwa ndithu. Ndikukumbuka amama akuuza mnzawo wa mvano kuti ng'ala ya abambo ikufulumira. Kuntchito ababa ankagwira ndi diso limodzi popanda wodziwa. Kunyumba nthawi zina ankathira tiyi pambali pa kapu, amama n'kupukuta.

Mvula itatha, chimanga chitauma m'minda, azakhali anatuma munthu wa njinga kudzatiuza kuti ku Lirangwe kukubwera madokotala a maso. Analengeza kutchalitchi ndi pa msonkhano wa chipani kuti anthuwo akufufuza chimene chimachititsa khungu m'midzi, ndipo aliyense wa vuto la maso apite. Azakhali anati ng'ala isanakhwime sangaichotse, koma bola alembe dzina la achimwene kuti akhale kutsogolo. Ababa anavomera chifukwa ku Lirangwe kunali kutali ndi anthu a pa bwalo la ndege.

Anachitira pa sukulu. Pa geti panaima achinyamata a chipani akuona makadi, ndipo sanasiye ngakhale akhungu. Kutsogolo kwathu kunali gogo wina amene anatulutsa khadi lake m'kathumba ka shuga n'kulionetsa kwa mtengo. M'kalasi imodzi anatchinga mawindo ndi mabulangete. Aliyense ankamuthira mankhwala m'maso okulitsa mwana wa diso, n'kumuuza kuti akhale chitsinzinire. Tinakhala pa mzere wa anthu otsinzina, ababa pakati pawo ndi jekete ndi tayi, chipewa pa bondo.

Dokotala wamkulu anali mayi wachizungu wowonda, ndipo ankamuthandiza bambo wina wa kwathu konkuno, wothandizira madokotala, amene ankamasulira. Mayiyo anavala nyali pamphumi ngati wa mu mgodi, galasi lozungulira m'manja. Anagoneka ababa chagada pa mabenchi awiri ophatikiza. Ankawauza kuti ayang'ane kumwamba, pansi, kumanja, ndipo ababa ankayankha m'Chingerezi chawo cha pa Lamulungu, womasulira uja n'kungoima. Pambali panali pepala lokhala ndi chozungulira chachikulu, ndi mapensulo awiri, yofiira ndi yobiriwira ngati thambo. Ndinali nditaona kale kuti kwa anthu ena mayiyo ankapaka ndi yofiira. Kwa ababa anatenga yobiriwira ija. Ankayang'ana m'diso, n'kupaka, n'kuyang'ananso, n'kupaka, mpaka pensulo inabuntha, womasulira n'kuisongola ndi lezala. Ine monga mphunzitsi ndinangoona kuti mayiyo sadumpha mzere.

Atamaliza anaitana anzake awiri kuti adzaone. Anavala nyali ija mosinthana, akulankhulana motsitsa, wina akugwedeza mutu monga munthu amene waona chinthu chimene anangochiwerenga m'buku. Anapempha kuti alembe za diso limeneli m'kafukufuku wawo. Ababa anavomera mwaulemu wonse, ndipo ndinaona kuti zawakomera. Anali asanakhalepo munthu wofunika kwa madokotala atatu nthawi imodzi.

Kenako mayiyo analankhula, ndipo ngakhale ababa anamva Chingerezicho, womasulira anabwerezabe m'Chichewa, mwina chifukwa cha ine.

"Bambo, iyi si ng'ala."

Anafotokoza kuti ng'ala imakhala kutsogolo, koma ababa vuto lawo linali kumbuyo. Kansalu kolandira kuwala kaja kanang'ambika, madzi n'kulowa kuseri kwake, n'kukamatula monga pulasitala amamatukira pakhoma. Anati zimakonda anthu a magalasi ochindikala. Mphezi ija inali kansaluko kakukokeka, timwaye tija tinali magazi. Papepala, pofiira ndi pamene kansalu kakadali pamalo pake, pobiriwira ndi pamene kamatuka. Ndinayang'ana pepala lija. Pofiira panalibe.

Mayiyo anafunsa kuti zinayamba liti, ababa n'kuyankha molondola monga mwa ntchito yawo. Mayiyo anati m'masiku oyambirira, nsalu ikadali pakona, akanayesa kuwatumiza kunja kwa dziko kumene amamata kansaluko, ndipo ogwira ntchito m'boma ena ankatumizidwadi. Ababa anafunsa ngati zikanathekadi. Anati sakanalonjeza, koma akanayesa. Panopa kansaluko kanali katakwinyika n'kuuma. Womasulira anawonjezera kuti diso lotere patsogolo limatha kuchita ng'ala yeniyeni n'kuyera, koma zimenezo sizitanthauza kanthu, chifukwa kuseri kwake kulibe cholandira kuwala.

"Ndiye tidikire mpaka liti?" anafunsa ababa.

"Palibe chodikira, bambo."

Ndimayesa kukumbuka chimene ndinamva pamenepo, ndipo sindipeza kanthu. Sindinalire, mtima sunagunde. Pa bolodi la kalasi ija panali samu yogawa imene mwana wina anaisiya osafufuta, ndipo inali yolakwa. Ndinaikonza m'mutu, n'kuibwerezanso.

Anayeza diso lakumanzere. Pepala lake linafiira lonse, kupatula kadontho kamodzi kobiriwira cha m'mphepete. Mayiyo anati pamenepo payamba kung'ambika, ndipo ababa apite kuchipatala chachikulu sabata yomweyo, asadikire Lamulungu. Anapita m'mawa mwake, atauza akuntchito kuti akukaona wodwala. Anawawotcha pong'ambikapo ndi kachitsulo kozizira kwambiri, diso linatupa masiku angapo, n'kuphwa. Diso limenelo linagwira. Anaona nalo mpaka tsiku limene tinawatseka maso, ndipo anagwira nalo ntchito mpaka kupuma pa nthawi yake. Ndiyenera kunena zimenezi, chifukwa anthu aja anatipulumutsira diso, ndipo sitinawathokoze bwino.

Koma tsiku la ku Lirangwe lija azakhali anali akutidikira panja pa geti, tomato atasiyira mnzawo. Ababa anawauza mwachidule. Azakhali anati madokotala a masiku ano ndi ana, akufuna zonse zithe lero. Iwo anabwezedwa kawiri ndipo lero akuwerenga buku la nyimbo. Ababa sanatsutse. Mankhwala aja anali asanathe mphamvu, dzuwa linkawalasa, moti anatsitsa chipewa mpaka pamphuno, ine n'kuwagwira mkono kupita kokwerera basi. Aka kanali koyamba kuwagwira mkono chikulireni. Unali wopepuka kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinagula manachesi, tinadya m'basi, makoko ndikuika m'chikwama.

Ine ndinkayesa mwambo wa pakhonde watha. Koma Lamulungu lotsatira diso lakumanzere litaphwa, tikubwera ku mapemphero, ndinamva mpando ukukwekwesedwa. Ababa anakhala moyang'ana dzuwa, n'kuvula magalasi. Ndinayang'ana amama. Amama anayang'ana pansi, n'kulowa kukhitchini.

"Aphunzitsi, tachongani."

Ndinachonga. Ndinati sinakhwime. Anavala magalasi n'kulowetsa mpando.

Sindinawafunse ngati anaiwala zimene dokotala ananena, chifukwa ababa sankaiwala kanthu. Ankakumbukira mvula ya chaka chimene ndinabadwa. Iwonso sanandifunse chifukwa chake ndinkayankha choncho. Tinapitiriza, dzinja ndi chilimwe. Ndinakwatiwa n'kusamukira chapafupi, koma Lamulungu ndinkadzera pakhomo, ndipo mwamuna wanga anazolowera kuima pa msewu ndi njinga mpaka nditachonga. Sindinganene kuti zinkandipweteka. Zinali ngati kuitana mayina m'kalasi, umaitana ndi la mwana amene ukudziwa kuti anasamuka.

Panapita zaka. Anthu anali atayamba kunong'onezana za zipani zambiri pamene Lamulungu lina ndinaona kuti nkhope yanga m'diso muja sikuoneka bwino. Munali kautsi. Ndinati sinakhwime, ndipo sindinaname. Kautsiko kanachindikala mwezi ndi mwezi, kuchoka pa phulusa kufika pa madzi otsukira mpunga, mpaka tsiku lina ndinawerama n'kupeza mwana wa diso ali woyera ngati mkaka, monga momwe azakhali ananenera poyamba paja. Ndinaima nthawi yaitali, dzuwa likundiwotcha kumsana.

"Bwanji, aphunzitsi?"

"Yakhwima, ababa."

Uthenga unafika ku Lirangwe tsiku lomwelo. Azakhali anabwera ndi nkhuku, n'kululutira kuyambira pa msewu. Anakoka chikope, n'kuyang'ana, n'kuti ndi yomweyo ndendende, mawu a akulu akoma akagonera. Amama anapha nkhuku ija, tinadya. Madzulo ababa anasita okha jekete, chinthu chimene sankachita. Amama anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti ndipite ndi ababa kuchipatala ndine. Ndinati amama, munamva zimene madokotala ananena ku Lirangwe. Anati anamva, ndipo ndipitebe.

Kuchipatala chachikulu tinakhala pa benchi mpaka masana. Amene anatilandira anali bambo wina wachikulire, osati womasulira uja. Anayang'ana diso n'kuvomera kuti ng'ala ilipo ndipo ndi yokhwima. Ababa anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija. Ine ndinauza bamboyo za mapensulo a ku Lirangwe. Anamvetsera, n'kuti asanachotse ng'ala amayamba aona ngati kuseri kwake kuli cholandira kuwala, chifukwa ng'ala ngakhale ikhwime bwanji, munthu amaonabe kuti tochi yayaka. Anatilowetsa m'kachipinda kamdima. Anamata thonje pa diso lakumanzere, n'kuwauza ababa kuti aphimbenso ndi chikhatho.

"Mukaona kuwala, muloze kumene kukuchokera," anatero.

Anayatsa tochi ali kumbuyo, pamene ababa ankakonza tayi ndi dzanja linalo, n'kubwera nayo pafupi ndi diso. Choyera chija chinawala ngati sosala yoikapo kapu ya tiyi. Anaisunthira kumanja, kumanzere, pamwamba, pansi, n'kuibwezanso pakati. Ababa anakhala mowongoka, mapazi pamodzi, monga ankakhalira kutsogolo kutchalitchi. Anadikira mwaulemu. Bamboyo anayandikizanso tochi mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsidze.

"Yatsani, achimwene," anatero ababa. "Ndakonzeka."

Bambo uja anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana khoma. Kenako anazimitsa tochi, ndipo m'kachipinda muja munamveka batani lake kuti tha. Ababa atamva, anakweza chala n'kuloza kumanja.